Kodi Khadi la Zithunzi Limakalamba Liti?

M'mwezi wa Okutobala, pamene dzuwa limaswa mtengo ndipo fumbi la m'misewu ya Blantyre limalowa ngakhale m'nyumba zotseka mazenera, mwana wa mlongo wanga adafika kwathu madzulo ena atasenza kompyuta yake paphewa monga munthu wopita ndi wodwala kwa sing'anga, ndipo ataitula pakhonde, titalonjerana, iye atamwako madzi, adati: "Atsibweni, khadi langa lakalamba. Anzanga onse akuti munthu wosewera magemu ayenera kugula latsopano zaka ziwiri zilizonse. Nanga inu mukuti bwanji?" Khadi limene ankanenalo ndi chipangizo chija amalonda amachitcha graphics card, chimene ntchito yake ndiyo kujambula zonse zimene diso limaona pa sikirini munthu akamasewera, ndipo popeza kawirikawiri ndicho chiwalo chodula koposa zonse m'kompyuta ya masewera, funso la mnyamatayo silidali lachibwana ayi, koma la munthu amene akuyeza thukuta la miyezi yambiri ndi chimene thukutalo lingamugulire. Ndidamuuza kuti mlandu saweruza mwini wake asanaonekere, ndipo ndidatuma mwana kukatenga sikuludiraiva.

Titachotsa chivundikiro cha m'mbali, taonani, khadi lija, limene lidali GTX 1060 la magigabaiti 6, lidali litavala fumbi lofiirira lolukana ngati thonje la m'nkhokwe, kotero kuti timipata ta zitsulo zoziziritsira tidali titatsekeka, ndipo fani imodzi mwa ziwiri inkazungulira molemedwa munthu akaikankha ndi chala. Tidalizula mosamala, tidapukuta mapiko a mafani limodzilimodzi ndi kaburashi kofewa, tidamasula zomangira zinayi za kumbuyo, ndipo pansi pa chitsulo tidapeza phala lija lotchedwa thermal paste litauma gwa, likusweka ngati dothi la m'dambo m'chilimwe. Tidapala lakalelo, tidadontheza latsopano lochepa ngati njere ya nandolo, ndi kubwezera zonse m'malo mwake. Tsono makhadi a mtundu umenewu adapangidwa kuti kutentha kukafika pa madigiri 83 azichepetsa okha liwiro lawo poopa kupsa. Ndiye chimene mnyamatayo ankachiyesa ukalamba chidali kubanika chabe, pakuti titayatsanso kompyuta ija, gemu yake ya mpira, imene idali kudodoma pamene osewera athithikana pagolo, idayenda myaa, iye n'kungoti kukamwa yasa.

Ndafotokoza zimenezi poyamba chifukwa pali chinthu chimodzi chimene ambiri sachizindikira: khadi la zithunzi silifooka ndi zaka monga momwe afookera munthu kapena ng'ombe ya pangolo. Likakhala laukhondo, lozizira bwino, ndi lodyetsedwa magetsi okhazikika, mphamvu imene lidali nayo tsiku lotuluka m'bokosi ndiyo imene lidzakhale nayo patapita zaka zisanu ndi zitatu. Chimene chimasintha ndi katundu amene tikulisenzetsa. Gemu ndi zithunzi zambirimbiri zotsatana mofulumira, ndipo kuti diso lione kuyenda kosalala, khadi liyenera kujambula zithunzi 60 pa sekondi imodzi, kutanthauza kuti chithunzi chilichonse, ndi mitengo yake, ndi mithunzi yake, ndi nkhope za anthu ake, chiyenera kutha m'kanthawi kosafika mamilisekondi 17. Likalephera, n'kutsikira ku zithunzi 30 kapena 20, ndi pamene wosewera amamva ngati miyendo ya munthu wake yamangidwa. Potero funso lakuti khadi lisinthidwe kangati silingayankhidwe ndi kalendala yokha, koma ndi kufunsa kuti katunduyo akulemera mofulumira bwanji, ndipo akumulemeretsa ndani.

Mwambo wa zaka ziwiri uja sudagwe kumwamba. Udachokera kwa opanga makhadi eni ake. Kampani ya Nvidia ya ku America, imene makhadi ake ndiwo ochuluka koposa m'makompyuta a osewera, idatulutsa mbadwo wa GTX 10 m'chaka cha 2016, wa RTX 20 mu 2018, wa RTX 30 mu 2020, wa RTX 40 mu 2022, ndi wa RTX 50 kumayambiriro kwa 2025. Ndipo AMD, imene idagula ATI ya ku Canada mu 2006 ndi kulowa nayo m'malonda amenewa, imayenda ndi mayendedwe ofanana ndi makhadi ake a Radeon. Mbadwo uliwonse umafika ndi ng'oma ndi malipenga, ndi zithunzi zonyezimira zoonetsa kuti chakale chatha ntchito, ndipo mnyamata amene wamva ng'omazo kasanu konse sangalephere kuganiza kuti kuvina kwake kuyenera kutsata kulira kwake. Kunena zoona, idalipo nthawi imene maganizo amenewa adali ndi maziko. Kuyambira pamene 3dfx idatulutsa Voodoo mu 1996, ndi Nvidia GeForce 256 mu 1999, kufikira zaka zingapo zotsatira, luso lidali kuthamanga kotero kuti khadi la zaka zitatu lidali lotsalira kwenikweni, ndipo magemu atsopano ena sankayenda nalo n'komwe. Amene adakula m'masiku amenewo ndiwo adasiyira ana awo lamulo limeneli, osaona kuti mtsinje umene adauoloka uli wodzaza tsopano ukuyenda mwakachetechete.

Komanso mibadwo ya makhadi siilingana, monga momwe zaka za ulimi sizilinganira: china chimadzaza nkhokwe, china chimangobweza mbewu. Munthu amene adagula GTX 1080 Ti mu 2017 pa madola 699 adalandira khadi la magigabaiti 11 limene lidatumikira eni ake mokhulupirika zaka zambiri. Koma amene adaligulitsa chaka chotsatira kuti agule RTX 2080, pa mtengo wonga womwewo, adapeza kuti m'magemu wamba liwiro lidali pafupifupi limodzimodzi, ndipo nkhokwe ya khadi latsopanolo idali yocheperapo, ya magigabaiti 8. Mu 2020 RTX 3080 idabwera ndi kulumpha kwakukulu ndithu pa madola 699 omwewo, ndipo amene adatha kuipeza pa mtengo umenewo adachita mwayi. Pambuyo pake RTX 4060 ya mu 2023 idaposa RTX 3060 pang'ono chabe, ili ndi magigabaiti 8 pamene mkulu wakeyo adali ndi 12. Ndipo RTX 5080 idaposa RTX 4080 ndi kagawo kochepa kotero kuti munthu wosayang'ana manambala sangazindikire kusiyana kwake ndi maso. Wosintha khadi mbadwo uliwonse amalipira mtengo wathunthu nthawi zonse, koma zokolola amazipeza mwa apo ndi apo. Ndipo akale adaona kale za mtima wotere pamene adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada.

Chifukwa chake cha kuchedwa kumeneku chili m'kati mwa kachipangizo kakang'ono kamene kali pamtima pa khadi. Kwa zaka makumi angapo amisiri ankatha kuchepetsa timatransista kotero kuti pamalo omwewo pankalowa tochuluka kawiri m'zaka ziwiri zilizonse, mtengo wake osakwera kwenikweni, monga adaoneratu Gordon Moore kalelo. Koma tsopano tafika pochepa kwambiri, kotero kuti sitepe iliyonse yotsatira imadya chuma chosaneneka, ndipo mafakitale otha ntchito imeneyi ndi owerengeka padziko lonse, wamkulu mwa iwo ndiye TSMC wa ku Taiwan. Mkulu wa Nvidia, Jensen Huang, adanena poyera mu 2022 kuti lamulo la Moore lidafa, pofotokoza chifukwa chimene makhadi atsopano adakwerera mtengo. Pamwamba pa izo, mafakitale omwewo ndiwo akupanga zipangizo za nzeru zopangidwa zija za AI, zimene makampani akuluakulu amazigula pa mitengo imene wosewera magemu sangaiyerekeze, ndipo phindu lalikulu la Nvidia lero likuchokera kumeneko, osati kwa osewera. Zotsatira zake n'zoonekeratu: khadi lapamwamba la osewera, limene mu 2017 lidali madola 699, lidafika madola 1,599 ndi RTX 4090, ndi madola 1,999 ndi RTX 5090.

Tsono tikasiya zonena amalonda ndi kuyang'ana zimene anthu amachita m'nyumba zawo, tipeza umboni wodekha. Kampani ya Valve, mwini wake wa Steam, kumene osewera a pa kompyuta miyandamiyanda amagula magemu awo, imafunsa mwezi ndi mwezi kuti anthu ali ndi zipangizo zotani, ndi kuulutsa zimene yapeza. M'kaundula ameneyo GTX 1060, khadi lomwe lija tidalipukuta pakhonde, limene lidatuluka mu Julayi 2016 pa madola 249, lidakhala pampando woyamba zaka pafupifupi zisanu, ndipo lidatsikapo kumapeto kwa 2022. Ndipo limene lidalilanda mpandowo silidali chimphona chatsopano ayi, koma GTX 1650, khadi lotsika mtengo ndi lochepa mphamvu kuposa ilo. Opanga magemu amawerenga kaundula ameneyu mwatcheru, pakuti palibe wamalonda amene angaphike chakudya chimene alendo ake ambiri alibe mano ochitafunira. Magemu amene amasonkhanitsa makamu aakulu koposa tsiku ndi tsiku, monga Counter-Strike, Dota 2, Fortnite ndi Valorant, adapangidwa dala kuti ayende ngakhale pa makina odzichepetsa, ndipo munthu amene moyo wake wamasewera uli m'menemo angathe kukhala ndi khadi limodzi mpaka mafani ake atatha.

Koma amene amaika muyeso weniweni wa kulemera kwa magemu aakulu si makhadi konse. Ndi makina aja osewerera pa wailesi yakanema, PlayStation ya Sony ndi Xbox ya Microsoft. Popeza gemu yodula kupanga iyenera kugulitsidwa pa makina amenewa kuti ibweze ndalama zake, amisiri amaisoka molingana ndi msinkhu wawo, ndipo msinkhuwo susintha mpaka mbadwo wina utabadwa. PlayStation 4 idatuluka mu Novembala 2013 ndipo PlayStation 5 mu Novembala 2020: zaka zisanu ndi ziwiri. Apa ndipo pagona chinsinsi cha moyo wautali wa GTX 1060, pakuti idabadwa pakati pa nthawi ya PlayStation 4 ili yamphamvu kuiposa kutali, ndipo magemu onse osokedwera makina amenewo idawanyamula mosavutika. Ngakhale PlayStation 5 itafika, opanga magemu adapitirizabe zaka ziwiri kapena zitatu kutumikira makina akale ndi atsopano pamodzi, ndipo katundu adayamba kulemera zenizeni cha m'ma 2023. Munthu wofuna kudziwa tsiku limene khadi lake lidzayambe kuwefuka ayang'ane kumeneko: ngati khadi lake liposa makina a mbadwo umene ulipo, ali pamtendere kufikira mbadwo winawo utakhazikika.

Chachiwiri chimene chimalemeretsa katundu chili pathebulo pa wosewera mwini, ndicho sikirini. Chithunzi chimapangidwa ndi timadontho, ndipo kadontho kalikonse khadi liyenera kukawerengera mtundu wake. Sikirini ya 1920 kwa 1080, imene kufikira lero ndiyo ya osewera ochuluka pa Steam, ili ndi timadontho 2,073,600. Ya 2560 kwa 1440 ili ndi 3,686,400. Ndipo ya 4K ili ndi 8,294,400, kanayi kuposa yoyamba ija. Onjezanipo kuti masikirini ena amafuna zithunzi 144 pa sekondi m'malo mwa 60, ndipo mudzaona kuti munthu angathe kukalambitsa khadi lake tsiku limodzi, osati chifukwa chakuti lasintha, koma chifukwa wabwera ndi sikirini yaikulu kuchokera kusitolo. Walira mvula walira matope. Ndaonapo anthu angapo amene adayamba ndi kugula sikirini ya 4K chifukwa idali yokongola m'sitolo, ndipo kuyambira tsiku limenelo sadapumenso, pakuti pa muyeso umenewo ngakhale khadi lamphamvu limafika pothera pake msanga, ndipo mwini wake amakakamizika kutsata mbadwo uliwonse. Amene akhutira ndi 1080 kapena 1440 adzigulira zaka zambiri zaufulu.

Pali chinthu china chimene ndifuna kukhalapo pang'ono, chifukwa m'zaka zino ndicho chimene chikupha makhadi ambiri asanakalambe, ndicho nkhokwe ya khadi, imene amaitcha VRAM. M'menemo ndimo khadi limasunga zonse zimene likujambula pa nthawiyo: maonekedwe a makoma, nsalu za zovala, udzu, makwinya a pankhope. Kuchepa kwa liwiro ndi kuchepa kwa nkhokwe ndi matenda awiri osiyana, ndipo zizindikiro zake n'zosiyananso. Khadi lochepa liwiro limatopa mwaulemu: zithunzi zimatsika kuchoka pa 60 kufika pa 50, kenaka pa 45, ndipo munthu angathe kupirira kapena kuchepetsako zokongoletsa. Koma nkhokwe ikadzaza, khadi limayamba kutumiza katundu wake kukasungitsa ku memory ya kompyuta, imene ili kutali ndipo njira yake ndi yopapatiza, monga mayi amene ufa wake uli kwa mnansi kutsidya la mtsinje ndipo ayenera kuoloka nthawi iliyonse akafuna kuthira mumphika; pamenepo gemu imaima mwadzidzidzi, n'kudumpha, n'kuimanso, ndipo makoma amaoneka ngati opakidwa matope chifukwa maonekedwe ake enieni sadafike. PlayStation 5 ili ndi magigabaiti 16 ogawana pakati pa ntchito zake zonse, kawiri kuposa PlayStation 4, ndipo magemu osokedwera iyo atayamba kufika pa kompyuta mu 2023, monga Hogwarts Legacy ndi The Last of Us Part I, eni makhadi a magigabaiti 8 adadzidzimuka. RTX 3070, khadi lamphamvu ndithu limene lidagulidwa madola 499 mu 2020, lidayamba kupunthwa m'malo amene RTX 3060, mng'ono wake wochepa liwiro koma wa magigabaiti 12, ankadutsa bwinobwino. Chimene chimandiwawa mtima n'chakuti kufikira mu 2025 makhadi atsopano a magigabaiti 8 adali kutulukabe pa madola 299, muyeso womwewo umene RX 580 ya AMD idali nawo kale mu 2017. Ndipo amawagula ndi anthu a ndalama zochepa, amene ndiwo afunitsitsa khadi lokhalitsa. Intel, imene idalowa m'bwaloli mu 2022 ndi makhadi ake a Arc, idaonetsa kumapeto kwa 2024 kuti n'zotheka kugulitsa khadi la magigabaiti 12 pa madola 249. Kotero tsiku logula ndilo limalamula tsiku losintha: wogula nkhokwe yaing'ono lero wadzilembera yekha ulendo wobwerera kusitolo.

Ilipo nthawi imene khadi limafika pakhomo lotsekedwa ndithu, pamene kupirira sikuthandizanso. Mbadwo wa RTX 20 udabweretsa luso lotchedwa ray tracing, lowerengera kuyenda kwa kuwala monga kumayendera m'chilengedwe, kugunda pakhoma ndi kubwerera. Ndipo kwa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi lusoli lidali chokometsera chabe chimene munthu ankatha kuchizimitsa. Koma Indiana Jones and the Great Circle, imene idatuluka mu Disembala 2024, ndi Doom: The Dark Ages ya mu Meyi 2025, zidamangidwa pa maziko amenewa, kotero kuti khadi lopanda ziwalo za ray tracing, ngakhale GTX 1080 Ti yolemekezeka ija, silingaziyendetse. Khomo lina ndi la mapulogalamu aja otchedwa ma driver, amene ali ngati womasulira pakati pa gemu ndi khadi: Nvidia idaleka kukonzera magemu atsopano ma driver a makhadi ambiri a GTX 600 ndi 700 mu 2021, ndipo a mbadwo wa GTX 10 adafika pa malire omwewo kumapeto kwa 2025, patatha zaka zisanu ndi zinayi chibadwire. Khadi silifa tsiku limenelo, ndipo magemu onse akale limawayendetsabe; koma chilema chikapezeka m'gemu yatsopano, palibenso amene adzabwere kudzachikonza.

Pakati pa khadi latsopano ndi khomo lotsekedwalo pali mtunda wautali, ndipo mwini wanzeru amauyenda pang'onopang'ono. Gemu iliyonse ili ndi malo osankhira kukongola kwa zithunzi, ndipo muyeso wapamwamba koposa, umene amautcha Ultra, umadya mphamvu yambiri pa zinthu zimene diso la munthu wothamangitsa mpira kapena wothawa adani silingazione. Kutsika sitepe imodzi, makamaka pa mithunzi ndi utsi, kumabweza zithunzi zambiri popanda kulipira tambala. Palinso luso lojambula chithunzi chaching'ono ndi kuchikuza mwanzeru kuti chidzaze sikirini, limene Nvidia amalitcha DLSS ndipo limagwira pa makhadi a RTX okha, pamene FSR ya AMD, imene idayamba mu 2021, m'mitundu yake yoyambirira imalandira ngakhale makhadi akale a kampani inayo. Zimenezi zawonjezera zaka pa moyo wa makhadi ambiri. Za luso linalo, lopeka zithunzi zapakati kuti nambala ya pa sekondi ioneke yaikulu, ndingoti lili ndi ntchito yake pamene gemu ikuyenda kale bwino, koma silifulumizitsa kumva kwa gemu pamene dzanja lalamula, ndipo munthu asagule khadi chifukwa cha manambala otupa otere.

Tisaiwalenso kuti khadi silikoka ngolo lokha. Purosesa ndiyo imakonza zochitika zonse za m'gemu ndi kuuza khadi choti lijambule, ndipo kumanga khadi lamphamvu m'goli limodzi ndi purosesa yakale kuli ngati kumanga nkhunzi pamodzi ndi thole: ngolo idzayenda pa liwiro la thole. Kuyesa kwake n'kosavuta, pakuti alipo mapulogalamu aulere oonetsa pakona pa sikirini mmene chiwalo chilichonse chikugwirira ntchito. Ngati gemu ikudodoma pamene khadi silikufika n'komwe pa mphamvu yake yonse, wolakwa ali kwina, ndipo khadi latsopano silidzachiza kanthu. Kenaka pali magetsi. GTX 1060 imadya mawati 120, RTX 3080 imadya 320, RTX 4090 imadya 450, ndipo RTX 5090 imafika 575. Kunena m'chinenero cha mita ya pakhoma, yuniti imodzi imene khadi loyambalo lingaseweretse maola asanu ndi atatu, lotsirizalo limaimaliza maola awiri asanakwane, osawerengera ziwalo zina. Khadi lotere lifunanso power supply yatsopano, chiwalo chodyetsa kompyuta magetsi, mwina ndi bokosi lalikulupo, ndipo kwa iye amene nyumba yake imadalira sola ndi invetala magetsi akazima, nkhani imathera pomwepo.

Kwa ife a kuno mtengo uli ndi mbali ina imene olemba a ku Ulaya ndi ku America saidziwa. Makhadi onse amagulidwa ndi ndalama zakunja, kaya abwere kudzera ku Johannesburg, ku Dubai kapena ku China, ndipo pofika m'manja mwa wogula asenza kale mtengo wa ulendo, msonkho ndi phindu la wamalonda. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero kuti khadi limene mtengo wake m'madola sudasunthe konse lidathawira kutali munthu ali m'tulo. Ndiponso nyengo ya msika wa dziko lonse ili ndi mphamvu kuposa msinkhu wa khadi: mu 2021, pamene mliri wa Covid-19 udasokoneza mafakitale ndipo okumba ndalama za pa intaneti za Ethereum ankasesa makhadi onse, ambiri adagulitsidwa kawiri kapena kuposa pa mtengo wake woikika, koma Ethereum itasiya njira yokumba ndi makhadi mu Seputembala 2022, omwewo adakhuthukira pamsika wa zogwiritsidwa kale ntchito pa mitengo yotsika. Amene adapirira chaka chimodzi adagula ndi theka. Khadi logwiritsidwapo kale ntchito si chinthu chochita nacho manyazi, ndipo kwa ambiri a ife ndiyo njira yokhayo. Chofunika n'chakuti wogula alione likugwira ntchito ndi maso ake, m'gemu yolemera, kwa theka la ola kapena kuposa, akumvetsera kulira kwa mafani ndi kuyang'ana ngati pa sikirini pakutuluka timizere kapena timabanga tachilendo, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Sindifuna kuwachitira chosalungama amene amasintha kawirikawiri, popeza ena mwa iwo ali ndi zifukwa zomveka. Amati khadi la zaka ziwiri likadali ndi mtengo wabwino pamsika, ndipo woligulitsa msanga amangoonjezera pang'ono kuti apeze latsopano, pamene wodikira zaka zisanu ndi chimodzi amatsala ndi chinthu chosagulitsika ndipo ayenera kuyamba pachiyambi. M'mizinda imene ogula ndi ambiri ndipo mitengo ndi yokhazikika, masamu amenewa nthawi zina amatuluka bwino, ngakhale kuti kawirikawiri, munthu akawerengera zonse moona mtima, wosinthasintha amakhala atalipira zambiri. Alipo ena amene khadi ndilo khasu lawo, olumikiza mafilimu, ojambula mapulani a nyumba, oulutsa masewera awo pa intaneti kuti apeze chakudya; kwa iwo ola lopulumutsidwa ndi ndalama, ndipo muyeso wawo ndi wina. Komanso kudikira kuli ndi malire ake. Ndikudziwa munthu amene wakhala zaka zambiri akunena kuti adzagula mbadwo wotsatira ukatuluka, ndipo ukatuluka amamva mphekesera za winawo, pamene magemu amene ankalakalaka akumudutsa ndipo ndalama zimene adasunga zikusungunuka m'thumba. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Ngati tsono wina andiumiriza kuti nditchule nambala, ndidzati kwa munthu wamba wosewera pa sikirini ya 1080 kapena 1440, amene adagula khadi lapakati lokhala ndi nkhokwe yokwanira, zaka zinayi kufikira zisanu ndi chimodzi ndiwo muyeso woyenera, ndiko kunena kudumpha mbadwo umodzi kapena iwiri. Ndipo asatulutse ndalama pokhapokha khadi latsopanolo, pa mtengo umene angathe, liposa lakalelo ndi theka la mphamvu yake kapena kuposa, pakuti kusiyana kocheperapo kumaoneka pa pepala koma maso amakuiwala sabata isanathe. Kuchoka pa GTX 1060 kupita pa RTX 3060 kudali kupeza mphamvu pafupifupi kawiri ndi nkhokwe kawiri, ndipo kusintha kotere munthu amakumva m'manja tsiku loyamba lomwe. Koma chizindikiro choona sichili m'nambala ya zaka: ndi tsiku limene gemu imene iwe mwini ukuifuna, osati imene anzako akuitama, yakana kuyenda mokukondweretsa, utapukuta kale fumbi, utatsitsa kale zokongoletsa, utatsimikiza kuti wolakwa si purosesa.

Zonsezi ndidamufotokozera mnyamata uja tili pakhonde pomwepo, mdima utayamba kugwa ndipo udzudzu utayamba kulira, ndipo sindidamubisire kuti khadi lake, ngakhale lidatsitsimuka, lili pafupi ndi khomo lija lotsekedwa. Ndidamufunsa kuti atchule magemu amene amasewera sabata ndi sabata. Adawerenga pa zala zake mpira, Fortnite, ndi Grand Theft Auto V, imene idafika pa kompyuta mu 2015, khadi lake lisanabadwe. Ndidamufunsanso ngati ilipo ina imene mtima wake ukuifunitsitsa koma khadi likuikana. Adakhala chete kanthawi, kenaka adatchula imodzi, nati angathe kuidikira. Tidagwirizana kuti ndalama zimene adasonkhanitsa asazipereke pa khadi la magigabaiti 8 limene mnzake ankamutsatsa, koma aonjezerepo kufikira zitakwana la 12 kapena 16, ndipo ayambe wafufuza ngati power supply yake ingalinyamule. Mayi a kunyumba adamuitana kuti adye nsima asanapite. M'mawa mwake adabweranso kudzatenga kompyuta ija, ndipo ndidamupatsa kaburashi kaja pamodzi ndi thermal paste yotsala, ndi kumuuza kuti asaiikenso pansi pafupi ndi khomo, koma pathebulo, ndipo aitsegule kuipukuta mvula yoyamba ikagwa.